Mtanda wa Pa Demba Unkagona ndi Nsomba

Mu Mbour monse munali munthu mmodzi yekha woyenda ndi ambulera yophimbira ufa, ndiye malemu Pa Demba Wane. Eni akewo dzuwa linkawawotcha padazi mpaka pankanyezimira ngati poto wokwecha ndi mchenga, koma beseni la mtanda lomwe ankalikumbatira pachifuwa linkayenda mumthunzi ngati mkwatibwi. Loweruka lililonse ankapita kumsika wa nsomba kanayi n'kubwerera kanayi, ndipo pobwererapo amphaka a dera lonse ankakhala ali pamzere pambuyo pawo, michira ili m'mwamba.

"Nyama imadziwa munthu waulemu wake," ankatero Pa Demba, osacheuka n'komwe.

Chimene ankaphika chinali kurowasa, timabanzi topindika ngati mwezi wongooneka kumene, ta magawomagawo opyapyala, m'kati muli tchizi. Luso limeneli analitola m'khitchini ya sitima yopita ku Bamako, momwe anagwira ntchito zaka makumi awiri. Mphuno anaitayanso momwemo. Tsiku lina thumba la tsabola wogaya linawaphulikira kumaso ali ku Kayes, ndipo anayetsemula njira yonse mpaka ku Bamako. Amene analipo amati sitimayo inafika ola lathunthu nthawi isanakwane chifukwa chokankhidwa ndi kuyetsemulako. Chichokereni tsiku limenelo mphuno yawo inangotsala chokhazikapo magalasi. Mukanatha kuwotcha tayala pansi pa mpando wawo, iwo n'kumakufunsani za kumudzi.

Tsono kurowasa ndi chakudya chamwano. Umakanda ufa wa tirigu ndi yisiti, n'kuuziziritsa. Umakulungamo chibuma cha batala, n'kupsinja ndi botolo, n'kupinda patatu, n'kuziziritsanso. Kupinda kumeneku kumachitika katatu, ndipo batala akangofewa pang'ono magawo onse amamatana, m'uvuni n'kutuluka chigumu. Ku Mbour batala amasungunuka ukangomuyang'anitsitsa. Kunyumba kwa Pa Demba kunalibe furiji, choncho malo ozizira omwe ankawakhulupirira anali amodzi: chifuriji chakufa cha Mère Dibor Sarr, wogulitsa nsomba, chodzaza ndi ayezi ndi nsomba za yaboyi.

Mère Dibor anali Mserere, Pa Demba Mtukulori, ndipo mitundu iwiriyi ndi pachisuweni. Moni wawo ndi kutukwanizana.

"Kapolo wanga, tsegula bokosi, mfumu yako yafika."

"Mfumu yanji yopanda ndi furiji yomwe? Bwera nacho chimwana chakocho. Wachisambitsa?"

"Uchigoneke bwino. Usachikhudze ndi manja akowo."

"Manja angawa ndi amene adyetsa Atukulori onse a m'tauni muno. Inu mukanangofa ndi mkaka wosasa."

Mtanda unkagona m'menemo pakati pa kupinda kulikonse, ndipo ukapindidwa komaliza unkatsala momwemo mpaka Lamulungu m'mawa. Batala ndi wosabisa mawu: chimene wagona nacho amachinena. Kurowasa wa Pa Demba ankatuluka m'uvuni wofiirira bwino, wopepuka, ukaluma khirichi, tchizi n'kutamuka mpaka pachigongono, ndipo pambuyo pake pankabwera kafungo ka yaboyi, kofatsa koma kosachoka, ngati mlendo wodikira chakudya chamasana.

Dera lonse linkadziwa kupatula mwini wake, ndipo wolondera chinsinsicho anali mkazi wawo, Yacine. Iye sanaiwale chaka chimene ntchito ya sitima inatha. Mwamuna wake anakhala miyezi khumi ndi iwiri atayang'ana khoma, osameta, osatukwana ngakhale Mserere mmodzi. Chinamudzutsa ndi mtanda. Choncho Lamulungu loyamba lomwe anthu analawa n'kuyamba kuyang'anizana, Yacine anayenda khomo ndi khomo. Sanakalipe. Anangonena kuti amene adzatchule nsomba pamaso pa mwamuna wake, maliro ake adzaphikitsa yekha. Anthu anamva.

Chodabwitsa n'chakuti anazolowera. Lamulungu lililonse ankadzaza pansi pa mtengo wa nimu pabwalo la a Wane, mbale n'kuyera ngati yanyambitidwa ndi mbuzi. Ana anabadwa, kukula, kukwatira, akudziwa kuti kurowasa amakoma choncho. Mphunzitsi Tine atapita kukaona mwana wake ku Paris anatumiza uthenga wachisoni, woti Afalansa aiwala kaphikidwe ka makolo awo, mabanzi awo sakumveka kanthu.

Zinayenda choncho zaka makumi atatu, mpaka Houleye, mwana wawo womaliza, atapeza mwamuna. Akuchimuna anati atumiza azakhali a mnyamatayo, Madame Oulimata, kudzaona banja. Mayi ameneyu anakhala ku Lyon, kwa Afalansa, zaka makumi awiri, ndipo zinkamveka kuti anabwezapo khofi m'ndege.

"Ku Lyon?" anatero Pa Demba maso akuwala. "Tsopano kwabwera munthu wodziwa. Yacine, tigule tchizi wabwino, uja wa mabowo."

Yacine makomo a mu Mbour ankawadziwa onse, koma pakamwa pa mayi wa ku Lyon analibe pogwira. Kuluma kamodzi, funso limodzi, zaka makumi atatu n'kugwa pamaso pa apongozi, mwamuna wake n'kubwereranso kukhoma kuja.

"Nijaay," anatero, monga mkazi aitanira mwamuna wake akafuna kumunyengerera, "bwanji tingowaphikira mpunga wa nsomba? Mabanzi aja anatopa nawo kumeneko."

"Munthu satopa ndi Lyon. Amangomusowa."

Loweruka, Pa Demba atangosiya mtanda woyamba n'kukhota pakona, Yacine anatulukira kuseri kwa matebulo a nsomba.

"Dibor, mtandawo sugona muno lero."

"Ugone kuti? Kuhotela?"

"Kwa mayi uja wogulitsa bisapu wozizira. Furiji yake mulibe china koma timabotolo ta zakumwa. Akamabwera a Demba tiziubweza kuno msanga, auone uli m'malo mwake."

"Mchemwali, ukufuna ine ndi maondo angawa ndithamange ndi ufa kasanu ndi katatu chifukwa cha Mtukulori?"

"Chifukwa cha ine."

Anathamanga. Amayi awiri akuluakulu, beseni pakati, akuzembera mwamuna mmodzi wa ambulera m'tinjira ta kumsika. Ulendo wina anangotsala pang'ono kugundana naye, ndipo Mère Dibor anakhalira besenilo n'kuyamba kuitanira malonda pamalo pomwe panalibe nsomba ndi imodzi yomwe. Madzulo ake Pa Demba anafika kunyumba ali yekhayekha, opanda mphaka ngakhale mmodzi. Anaima pachipata, nayang'ana kumbuyo kanthawi, n'kulowa. Yacine anali wotopa kwambiri moti sanalabadireko.

Lamulungu m'mawa anadula mtanda m'tizidutswa ta makona atatu, naika tchizi, nakulunga, napaka dzira pamwamba ndi nthenga ya nkhuku. Zimene zinatuluka m'uvuni tsiku limenelo zinali zopanda kafungo kaja, zoyera ngati mtima wa khanda. Madame Oulimata anafika ndi mpango wotalika kuposa chipata, naluma kamodzi, natsinzina.

"Bambo Wane, ndikuuzeni zoona. Ngakhale ku Lyon n'zosowa izi."

Yacine anapuma mpweya umene anaugwira kuyambira Lachinayi. Koma atayang'ana pansi pa nimu anaona zina. Anthu a m'dera ankatafuna pang'onopang'ono ngati akudya kalata ya msonkho. Wina anatembenuza banzi lake kuliyang'ana kunsi. Mphunzitsi Tine anasiya theka m'mbale, nasendera kwa Pa Demba, n'kuwagwira pamkono.

"Akulu, m'thupi muli bwino koma?"

Nkhani ya ukwati inatheka. Koma m'mbale munatsala mabanzi asanu ndi awiri, chinthu chimene sichinachitikepo, ndipo alendo atapita Pa Demba anakhala pampando mbaleyo ili pamaondo, atayang'ana khoma lomwe lija.

"Nijaay, simunamve zimene ananena mayi aja?"

"Mayi aja ndi aulemu. Mawa abwerera ku Dakar. Anthu anga ndiwo asiya m'mbale."

Apa Yacine anazindikira chimene anachita. Anawatchinjiriza kwa mlendo wa tsiku limodzi n'kuwagwetsa pamaso pa anthu a masabata onse. Sabata imeneyo Pa Demba sanamete. Loweruka litafika Yacine anatsitsa yekha beseni, naliika pamaondo pawo, n'kuwapatsa ambulera m'manja.

"Unali ufa uja," anatero. "Ndagula wina."

Kumsika sanapiteko. Mtanda unagona kwawo kwakale, ndipo Lamulungu mbale inayera mpaka Mphunzitsi Tine anatola nyenyeswa ndi chala chonyowetsa. Pa Demba anavomereza kuti unalidi ufa, ndipo anaunyoza ufa umenewo zaka zisanu ndi chimodzi zotsatira, kwa aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe.

Anamwalira Lachisanu lina nyengo yotentha, atapemphera, atakhala pampando wawo womwewo. Houleye anali atawagulira furiji yatsopano chaka chapitacho, koma iwo ankasungiramo nsapato za ku mzikiti, amati kuti zizizizira kumapazi.

Pokonzekera sadaka ya tsiku la makumi anayi, Yacine anaganiza zowaphikira anthu kurowasa komaliza. Manja ake ankaidziwa ntchitoyo, atayiona kwa theka la moyo wake. Anatulutsa nsapato m'furiji, napukuta, ndipo akuti aikemo mtanda, Mère Dibor analowa ndi maondo ake olira.

"Ukutani?"

"Palibenso womubisira, Dibor. Apita osadziwa. Chimenecho chokha ndinakwanitsa."

Mère Dibor anakhala pansi, naseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinaleke pamene kuseka kunaleka.

"Mtukulori uja anali wopanda mphuno, osati wopanda maso. Loweruka lija utamubwezera ambulera anafika kwa ine n'kuti, 'Kapolo wanga, mtanda wanga sabata yatha unagona kuti? Amphaka sananditsate.' Ndinati sindikudziwa. Iye akuti, 'Zaka makumi atatu amphaka akundiperekeza, ukuganiza kuti ndimayesa amakonda dazi langa? Ugoneke pafupi ndi yaboyi, pakati penipeni.'"

Yacine anagwira chitseko cha furiji.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndinamufunsa. Akuti, 'Mkazi uja anayenda khomo ndi khomo chifukwa cha ine. Ndimulande ntchito yake? Ukadzamuuza ndili moyo, ndidzakugulitsa kwa Amoro a kuchipululu pamtengo wa mbuzi yodwala.'"

"Wabodza uja," anatero Yacine chapansipansi. "Zaka zisanu ndi chimodzi akunyoza ufa wosalakwa."

Masiku ano Lamulungu la m'dera lathu ndi lalitali. Pansi pa nimu pamakhala mipando yokhayokha, ndipo Mère Dibor amatukwana Atukulori odutsa, koma amati a masiku ano sadziwa kubweza. Amphaka okha ndiwo sanamve za malirowo. Loweruka lililonse ankabwerabe pachipata cha a Wane n'kukhala pamzere, kudikira.

Analiponso tsiku lija lokonzekera sadaka. Yacine anabwezera nsapato m'furiji ija, naitseka. Anaphimba beseni ndi nsalu, nalikumbatira pachifuwa, natambasula ambulera yakale yothyoka nthiti ziwiri.

"Tiye, Mserere iwe," anatero. "Ukatsegule bokosi."

Atatuluka pachipata amphaka ananunkhiza beseni, nayang'anizana, n'kukhalanso pansi. Munali ufa wokhawokha. Anadikira pomwepo mpaka Yacine atabwerako kumsika ndi mtanda wozizira, ndipo apo m'pamene anaimirira onse, michira m'mwamba, n'kumulondola mpaka m'khitchini.