Mng'alu wa a Chidule

A Chidule, mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito uja, sankaona chinthu n'kungochisiya. Ankachiyeza, osati ndi tepi ayi, koma ndi mawu. Ankati kuvuta kwa maonekedwe a chinthu ndi kuchuluka kwa mawu amene ungauze munthu woti sanachione kuti achijambule ndendende. Malamulo awo anali akuti pita, khota, bwereza.

Telala anawaonetsa nsalu ya maluwa okhaokha, akudzitama.

"Yovuta iyi, aphunzitsi!"

"Yovuta pati? Duwa limodzi, bwereza. Ndatha."

Mayi wa nyumba yoyandikana atabereka mapasa, a Chidule anasuzumira ana aja n'kunena kuti, "Mwana mmodzi, bwereza." Anatuluka ali liwiro la mtondo wadooka, patapata ikuwatsatira m'malere.

Koma amene anaona zakuda ndi akazi awo. Pakhoma la pabalaza panali mng'alu wochokera kudenga mpaka pansi, wokhotakhota ngati njira ya chidakwa. Mvula ikagwa madzi ankalowera pomwepo, mayi n'kuyamba kukoka mipando ndi kutchera beseni.

"Bambo, khomali lidzatigwera."

"Mayi, m'dera lonse lino chinthu chimene chandikanika kufupikitsa n'chokhachi. Pita, khota, khotanso, kanthambi, kanthambi kena kosiyana. Palibe pobwereza! Ndiye mukuti timate ndi simenti?"

"Ine ndikufuna mpando wouma."

Mayi anaitana mmisiri. A Chidule anamulandira ndi manja awiri, anamukhazika chofulatira khoma, n'kumupatsa pensulo ndi pepala.

"Ndizifotokoza, iwe uzijambula. Ukaufanizira, umate."

Pamene dzuwa linkapendeka, mmisiri anali atajambula chinthu chonga mizu ya udzu, ndipo simenti yake inali itauma gwaa m'wilibala. Sanabwerenso. Wachiwiri anangomva mbiri, mutu unamupweteka asanafike pageti.

Mayi ankakalipa mpaka mawu kusasa. Komatu tisanamizane, tiyi wam'mawa m'nyumba imeneyo ankakoma ndi mkangano womwewo.

Imfa nayo sinawachulukire mawu a Chidule. Anadandaula chifuwa, anagona, basi.

Anthu a pamaliro atabalalika, mayi anatumizanso uthenga kwa mmisiri woyamba uja. Anabwera monyinyirika, akusuzumira kuseri kwa chitseko, koma panalibe womupatsa pensulo. Anamata, anasalaza, anapaka penti, kenako anaima patali akupukuta manja.

"Mwaliona bwanji, mayi?"

Mayi anayendetsa maso kuchokera kudenga mpaka pansi, kufunafuna poti akhote.

"Loyera," anatero.

Mayi anadikira kuti mawu ena abwere, koma khoma lonse linali litathera m'liwu limodzi lomwelo. Masana mvula inagwa yamphamvu. Mipando sinanyowe, beseni linakhala kukhitchini, ndipo mayi anakhala pampando wouma n'kulira.