Dzino la Njovu ndi Zidendene Zanga

Zidendene zanga zinasalala, ee zinasalala ndithu, koma zinatsala pang'ono kumugwetsa mayeso mdzukulu wanga. Ndikunena ine, agogo ake a Tadala a kuno ku Chinsapo, ndipo manyazi ake sanathebe.

Tadala amaphunzira ku yunivesite za mafupa a nyama zakalekale. Mafupa, anthuni! Ana a eni ake akuphunzira unamwino, wanga akukumba mafupa ku Karonga. Pochokera kumeneko anadzera kwathu, atanyamula kabokosi kokapereka kwa aphunzitsi ake. M'mawa anayala zinthu zake patebulo, foni n'kulira, iye uyo wathamangira m'tauni.

Ine posesa ndinaona mwala. Mwala wolemera, mwala wokongola, wa mizeremizere ngati kamunda kolimidwa kale. Ndinati mwana uyu amandikonda, waona ming'alu ya agogo ake! (Munali mu Okutobala, zidendene zitang'ambika moti nthanga ya dzungu ikanamera momwemo.)

Ndinalowa nawo kubafa. Ndinakhula, ndinakhula, ndikuimba ya kwaya. Potuluka, aneba anga Anaphiri maso ali kumapazi kwanga.

"Asisi, mwapaka chiyani kuphaziko?"

"Mwala wa ku Karonga, wondibweretsera mdzukulu."

"Tandibwerekani, musaumire."

Anaphiri anakhula. Alamu awo anakhula. Alamuwo akuti mwala wachepa ukali, n'kuunola pa simenti ya pakhonde. Ine ndili pompo, kuwalangiza ponolera!

Masana Tadala wafika. "Agogo, dzino la njovu linali apa lili kuti?"

Tinakalipeza kubafa kumene ndinalibwezera, litagona pambali pa sopo. Mwana anangokhala pansi, pamadzi pomwepo.

"Agogo, njovu iyi inafa kalekale, kulibe mudzi, kulibe munda. Pa dzinoli pali zipsera zosaoneka ndi maso. Nyama yodya udzu, dzino limakalika timizere. Yodya masamba a mitengo, limachita timaenje. Udzu ndiye kuti kunali kouma, kopanda mitengo yambiri. Masamba ndiye kuti kunali nkhalango ndi mvula. Ntchito yanga yomaliza yagona pamenepo."

"Nanga pano lionetsa chiyani, mwanawe?"

"Lionetsa kuti njovu inkadya simenti ndi zidendene za ku Chinsapo!"

Anaseka, kenako analira. Ine kuseka kunandithera. Zaka zinayi mwana akuvutika ndi mabuku, ine n'kuzikhula tsiku limodzi!

Kutacha ndinamanga chitenje cha ku tchalitchi, ndinati wolakwa ndine, ndikanena ndekha. Tinakwera minibasi, ulendo kwa aphunzitsi. Ndinagwada mu ofesi.

"Abambo, mwanayu musamulange. Njovu yanu ndaisambira ndine."

"Mwaisambira, amayi?"

"Ine, Anaphiri, ndi alamu awo."

Bambo aja anavula magalasi, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Anaika dzino pansi pa makina okulitsa zinthu, n'kulitembenuza, n'kulitembenuzanso. Kenako anaitana Tadala.

"Taona kumapeto kuno, kumene amayiwa ankagwira. Simenti sinafikeko."

Mwana anasuzumira, n'kukuwa, "Timizere, agogo! Inkadya udzu! Kunali kouma!"

Nthungululu ndinaimba mu ofesi ya eni, mpaka a chitseko china anatuluka. (Anandisuzumiritsa nanenso. Ndinangoona ngati mbale yokalika, koma ndinavomera mwaulemu kuti udzu ndauona.) Chala changa chomwechi, chala chogwirira, ndicho chinatchinjiriza mvula ndi dzuwa la makedzana!

Tsiku lolandira digiri ndinavala nsapato zoonetsa zidendene, ndipo ndinavina mpaka fumbi. Aphunzitsi aja atandiona anayamba kuyang'ana kumapazi, moni pambuyo.

Masiku ano Tadala akabwera, kabokosi kake amakhoma ndi loko, kiyi m'khosi. Ine ndinalapa, mwala wa mizere sindiugwiranso. Koma Okutobala wayandikira, ming'alu yayambanso, ndipo dzulo Anaphiri andituma kuti ndimufunse mwana mwakachetechete: kodi njovu ija inali ndi dzino limodzi lokha?