A Mabandeji, Wodwala wa Pakoleji

Mphekesera ili m'makhonde ndi yoti m'bokosi la a Mabandeji munalibe munthu. Akuti thupi lawo analisiyira koleji kuti ana aziphunzirirapo, ife tinakwirira njerwa. Ine sindinatsutse msanga, poti mkuluyo ali moyo anali atabwereketsa kale chiwalo chilichonse.

Kwa inu osawadziwa, a Mabandeji ankakhala nafe m'nyumba yosanja ino ya anthu obwera, kuno kudziko la eni. Kuseri kwa siteji ya basi kuli koleji ya boma, ndipo ophunzira kumeneko amasowa munthu woyeserapo manja. Iwo anadzipereka. Ometa ankaphunzirira pamutu pawo, mpaka mutuwo unkaoneka ngati munda wolimidwa ndi anthu odana. Ophika ankawalawitsa zopserera. Osamalira odwala ankawamanga mkono wabwinobwino, iwo n'kubwera kunyumba osamasula.

"Mwathyoka, achimwene?"

"Ayi, ndakhoza. Wandimangayu ntchito waipeza kale."

Choncho maphunziro onse otchipa ankawadziwa ndi khungu lawo. Ngakhale ine, amene ndinathawa sukulu masamu atayamba kusakaniza ndi zilembo, anandipezera kalasi yaulere ya Loweruka. Ndinati ndikaganize. Ndikuganizabe.

Mwana wa mlongo wanga atangofika ankakolopa m'maofesi. Anaona sukulu ina ya magalasi okhaokha, yolonjeza unesi wachangu, ndipo anatsala pang'ono kugulitsa makina ake osokera, chinthu chokhacho chimene anabwera nacho. A Mabandeji anamutsekera njira pamasitepe.

"Iwe mwana, sukulu yakoyo ili ndi bedi?"

"Bedi la chiyani, agogo?"

"Logonekapo wodwala! Ndinapitako kukadzipereka, anandimwetulira n'kundionetsa khomo. Sukulu yokana nkhalamba yaulere, idzakuphunzitsira pa ndani?"

Anamukokera ku koleji ya boma, komwe obwera kumene osapeza bwino amawachepetsera fizi, makalasi n'kuwaika nthawi yoti munthu agwireko ganyu. Makina anapulumuka.

Vuto linatsala pakamwa. Manja mtsikanayo anali nawo, koma chilankhulo cha kuno chinkamuuma pakhosi. Mayeso oyamba analephera chifukwa anatembenuza wodwala osamuuza kanthu, ngati thumba la makala. Akanalepheranso, thandizo la fizi likanathera pomwepo. Ndiye a Mabandeji anadzagona pasofa panga, nsapato zili kuphazi, n'kusanduka wodwala wovuta kuposa onse: wogontha, waukali, Chichewa osachimva mwadala.

"Malume, auzeni asiye kukuwa!"

"Pepani anesi, ine ndangobwera kudzazonda matenda."

Tsiku la mayeso, ogona pabedi anali omwewo. Tinkati amuchitira chifundo. Chifundo chake chiti! Anabuula, anakana kudzuka, anaitana mkazi wawo amene sanakwatirepo. Mtsikana anawayankha m'chilankhulo cha eni dziko, mofatsa koma mosanyengerera, mpaka nkhalamba inakhala pa njinga ya odwala ili phee ngati mkamwini kwa apongozi. Woyesa mayeso atanena kuti wakhoza, wodwala anadumpha panjingapo n'kuyamba kuvina, bandeji ikukwekwereka pansi. Lero mwanayo ali ndi yunifolomu yake, ndipo akandiona ndikuthira mchere wambiri amandiyankhula ngati boma.

A Mabandeji anadwala zenizeni kamodzi kokha. Amene ankawatembenuza pabedi anali mtsikana yemweyo, ndipo ulendo uno sanakuwe. Masiku ano ometa akuphunzirira pa mitu ya pulasitiki, yosadandaula, yosaseka. Obwera kumene amakwera masitepe athu ndi zikwama zawo, popanda wowatsekera njira.

Dzulo ndinalimba mtima n'kumufunsa mtsikanayo za njerwa zija. Anandiyang'ana ngati ndamwa mankhwala a munthu wina.

"Malume, ndinawasambitsa ndine. Ometa anabwera kudzawameta, bwinobwino, mbali zonse kulingana. Bokosi ndinatseka ndekha."

Munalibe njerwa. A Mabandeji anali momwemo.