Mapaipi Owala Ngati Galasi

Mpaka lero apongozi anga akalowa m'nyumba mwathu amakhala patali ndi kompyuta, atapinda chitenje m'mwamba. Chifukwa chake ndine.

Ndimakonza mavidiyo a maukwati kuno ku St Mary's, m'Chitungwiza. Dzuwa la Okutobala litafika, kompyuta inayamba kutentha n'kumazima yokha, chonsecho m'kati muli vidiyo ya ukwati wa mlamu wanga Chipo, mng'ono wa mkazi wanga. Banja lonse linali litapangana kudzaionera Lamlungu. Ndiye ndinati ndiiziziritse ndi madzi oyenda m'mapaipi, monga amachitira akatswiri a pa intaneti (iwo saonetsa zimene anawononga).

Wogulitsa anandiyalira mitundu iwiri. "Mudhara, tengani a pulasitiki awa, amapindika bwino. Enawa ndi akiriliki, olimba ngati galasi, ngokongola, koma sachedwa kung'aluka."

Ine nditangomva "ngokongola", makutu anatsekeka. Ndinkafuna akuchikazi aone kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba.

Popinda paipi yolimba pamafunika kachipangizo kouzira mpweya wotentha. Magetsi anali atapita, choncho ndinakoleza mbaula n'kumaitembenuza pamoto ngati chimanga. Mkazi wanga anaima pakhomo.

"Bambo a Tadiwa, kodi mudyera mchere kapena tsabola?"

Ndinapitiriza kutembenuza. Podula ndi sowo ndinamva kuti the! koma ndinadziuza kuti ndi khala lathetheka. Ndinamanga zonse, n'kuthiramo madzi ofiira. Kukongola kwake, ine ndemwe ndinaomba m'manja.

Lamlungu anthu anadzaza, ena mpaka pawindo. M'vidiyomo mkwatibwi atangofika pakhomo la tchalitchi, paipi inayamba kudontha. Ndinaikapo chala, inaphulikira pena. Kenako kautsi, kafungo, chithunzi zii.

"Alamu, vidiyoyi muli nayo kwinanso, eti?" anafunsa Chipo, misozi ili m'maso.

Ndinalibe. Manyazi amene ndinamva, ndinalakalaka ndikanakhala paipiyo kuti nane ndingong'aluka. Madzi ankayenderera pansi kulunjika kumapazi a apongozi. Iwo anadzuka, n'kukatenga beseni, n'kutchera bwinobwino.

"Mukwasha, musatseke," anatero, monga amaitanira mkamwini kuno. "M'Chitungwiza monse muno, mpopi umene ukutulutsa madzi lero ndi wanu wokha."

Vidiyo inapulumuka, ngakhale tinakaionera pa kompyuta ya eni, Chipo atakhala kondifulatira. Ndaphunzira kuti akiriliki si wanga. Ndamva kuti mapaipi a kopa ndiye amawala kwambiri.