Chala Chimene Chinatontholetsa Kanyama

Amene akuti ndikunama abwere pafupi, asaope, sindiluma. Agwire chala changa cha mkombaphalachi, achiyang'ane padzuwa, ndipo akapezapo ngakhale kamzere kamodzi mwa tija timakhala pachala cha munthu aliyense, ine Enelesi ndivula magalasi angawa ndi kuvomera pamaso pa Kanyama yense, komboni yathu ino ya ku Lusaka, kuti ndine wabodza. Chasalala ngati botolo. Makina ojambula zala amati akachiona amazima okha ndi manyazi. Ine ndinapita ku koleji, masamu ndaphunzitsa mpaka ana amene ndinawaphunzitsa anditumizira ana awo, ndipo sindinena chinthu ndisanachione mbali zonse ziwiri. Tsono khalani pansi mumve mmene chalachi chinathera.

Amayi anamwalira ndili ku koleji, mutu wawo usanaone imvi ngakhale imodzi. Chimene anatisiyira chachikulu chinali mbale imodzi yakuda ya galamafoni. Kale kwaya ya mpingo wathu inajambulitsa nyimbo, ndipo woyambitsa nyimbo zonsezo anali amayi. Mbale za anzawo zinatha kalekale, zina zinapindika ndi dzuwa, zina ana anazisandutsa mawilo a galimoto za mawaya. Yathu yokha ndiyo inatsala, yokulungidwa m'chitenje pamwamba pa wadilopu, kumene madzi a mvula a ku Kanyama safika. Galamafoni yathu inalibe mwayi umenewo, inamira chaka china cha madzi ambiri.

Titayamba kukonza zoika chiliza pamanda a amayi, patapita zaka tikungolonjeza pakamwa, atate anandiitana. Maso awo anali atachita kale mdima. Anati, "Enelesi, nkhope ya amako ndikali nayo. Koma mawu andithawa. Ndikayesa kuwakumbukira, ndikumva mawu ako. Tsiku la chilizalo ndifuna ndiwamve."

Ndalama yanga ya chilimba, ija timasonkherana azimayi mwezi ndi mwezi, chiliza chinali chitadya kale mutu ndi thunthu. Kamchira kamene kanatsala kanali kokwana galamafoni imodzi basi: yatsopano yotsika mtengo, kapena yakale ya salaula, yogwiritsidwapo kale ntchito. Mukumva? Imodzi basi, ndipo mbale nayonso imodzi basi padziko lonse.

Yatsopano ndinaipeza m'sitolo ina ku Kamwala, ndipo sindiinyoza ayi, chifukwa ine sindinyoza chinthu chimene chili ndi ubwino wake. Kanali kasutikesi kofiira, kokongola moti ntchentche zinkapukuta mapazi zisanaterepo, kopepuka moti wogulitsa ankakatsendereza ndi njerwa kuopa mphepo ya pakhomo, kali ndi masipika m'mimba mwake, kali ndi batire lake, kolankhulana ndi foni, ndiponso kakafa usanathe mwezi umakabweza. Mlongo wanga Lakisoni, mng'ono wa tonse, anakakonda pomwepo. Anati, "Ba sisi, gulani aka tiyende. Vinthu va kudala, vakalekale, ni mavuto chabe."

Koma ine sindigula mbuzi ndisanaione mano. Ndinatola mbale ina yakale pamsika, ya amuna anayi oimba, yoti ngakhale iwonongeke palibe angalire, ndi kuiika pa kasutikesi kaja. Ulendo woyamba anaimba amuna anayi. Ulendo wachiwiri anaimba atatu, wachinayi singano itamupala n'kumutaya pansi ngati khoko la chinangwa, ndipo ndinamusesa ndekha ndi dzanja ili, kafumbi kakuda kali ndi ndevu zake. Pofika madzulo panatsala woimba ng'oma yekha, akukhosomola, akufunsa kumene anzake apita. Singano ya kasutikesiko inali yolemera ngati khasu. Ndinaganiza za amayi ali pansi pa khasu limenelo, ndipo ndinakasiya pomwepo.

Yakale inali ku Matero, kwa ba Mulenga, mkulu wina wochokera ku migodi amene kale anali ndi bala yogulitsira mowa. Ataivundukula anati, "Mayo, iyi si galamafoni, ni ng'ombe." Sananame. Bokosi lake linali la thabwa lenileni, gudumu lozungulira mbale linali lachitsulo, lolemera moti ukalikankha Lolemba umalipeza Lachitatu likuzungulirabe, ndipo mphemvu za m'katimo zinali zitakhalamo mibadwo yambiri moti zinatuluka pamzere, zazikulu kutsogolo, zikuimba mabesi. Koma mkono wake wonyamula singano! Kumbuyo kwake kunali kachitsulo koulinganiza, ngati sikelo ya pamsika, moti tinautsitsira pa tomato wakupsa ndipo sanaboole, tinautsitsira pamadzi a m'kapu ndipo sanagwedezeke, tinautsitsira pamsana pa udzudzu uli m'tulo ndipo unangotembenuka n'kupitiriza kugona. Mbale ya woimba ng'oma uja titaiikapo, anzake awiri anabwerera.

Zoipa zake nazo ndinaziona, musaganize kuti ndinatseka diso limodzi. Inalibe masipika, tinayenera kubwereka a Lakisoni. Ikafa, ba Mulenga anandiuziratu kuti maliro ake ndi anga. Choopsa kuposa zonse, inalibe batire, inkadya magetsi okha, ndipo inu mukudziwa kuti kwathu kuno magetsi ndi mlendo wosalonjera pobwera, wosatsazika popita.

Apa ndiye ndinayesa mbali ziwiri monga sanayesepo munthu chilengedwere Lusaka. Ndinkadzuka ndili wa yatsopano, kufika ku Kamwala mtima uli ku Matero, kufika ku Matero mtima wabwerera ku Kamwala, mvula inayamba ndikuyenda, chimanga chinamera, chinakula, anthu anakazinga, fumbi linabweranso ine ndikadali pamsewu, makondakitala analeka kundilipiritsa poganiza kuti ndine mpando wa minibasi, wina anafuna kundisoka pong'ambika, ndipo mwana amene ndinam'peza ali kumsana kwa amake tsiku loyamba ndi yemwe anandipatsa malo tsiku lomaliza, atavala yunifomu. Mukumva? Umu ndi mmene munthu wophunzira amaganizira.

Chimene chinadula mlandu chinali funso limodzi. Yatsopano ikawonongeka ndiibweza kusitolo. Yakale ikafa, ndalama yapita, ndilira, ndidzasonkhanso. Nanga mbale ikawonongeka, mawu a amayi ndikawabweze kusitolo iti? Ndinapita ku Matero.

Kuinyamula ndi nkhani ina. Titaiika kumbuyo kwa minibasi, mawilo akutsogolo anakwera m'mwamba, dalaivala akuyang'ana mitambo. Wilibala inaphwatalala n'kukhala chitseko. Ndinapinda nkhata, ndinaisenza pamutu, n'kuyenda nayo kuchoka ku Matero mpaka kuno, mapazi akulowa m'mwala wa Kanyama, mwala womwe uja okumba zimbudzi amaulirira, ndipo mayenje amene mumazemba mvula ikagwa m'njira ya kwathu ndi mapazi anga amenewo. Ndinanyamuka ndili mkazi wamtali. Ndinafika ndili chonchi mukundionamu.

Tsiku la chiliza linafika. Tinabwerako kumanda dzuwa lili pamutu, anthu atadzaza pabwalo, abale a ku Katete, a ku migodi, a mumpingo, ndi ena amene anangomva fungo la nkhuku. Atate tinawakhazika pampando pafupi ndi tebulo. Ndinamasula chitenje, ndinapukuta mbale, ndinaiika pagudumu. Linazungulira bwinobwino. Ndinatsitsa singano. M'masipika munamveka kuthetheka kuja, kenaka kupuma kwa munthu amene akukoka mpweya kuti ayambe nyimbo. Atate anaweramira kutsogolo.

Magetsi anathima.

Amayi anakoka mpweya, koma sanautulutse. Kenaka Lakisoni: "Ba sisi, sininakuuzeni? Kaja ka batire sembe kalila manje manje. Manje ng'ombe yanu yagona." Ena anaseka, ndipo kunena zoona, mbali yake inali yolondola: ka batire kakanakhala kakuimbabe. Koma chimene chinandilasa si Lakisoni. Ndi atate, amene anayamba kufufuza ndodo yawo pansi, akuti, "Lekani, ana anga, palibe kanthu. Mwayesetsa." Mawu aulemu a munthu amene wasiya kuyembekezera.

Pamenepo ndinaona kuti gudumu lija silinaime. Magetsi anali atapita, koma ng'ombeyo inali ikuyendabe ndi kulemera kwake. Ndinaika chala ichi pakati pa mbale, papepala paja, ndi kuyamba kuzungulitsa. Ndinatsitsa khutu. Kuchokera pa singano penipenipo, popanda sipika, popanda waya, kankatuluka kamawu kakang'ono ngati ka udzudzu, koma kali ndi nyimbo yonse m'kati mwake.

Ndinadzutsa mutu ndi kunena ndi mawu aja ndimatontholetsa nawo kalasi Lachisanu masana: "Chete!"

Abale anga, Kanyama anatonthola. Kanyama yemweyu! Oitanira minibasi anatsala kukamwa kuli yasa, dzina la tauni lili theka m'kamwa theka panja, ogogoda mbaula anaimitsa nyundo m'mwamba, amayi a pampopi amene anayamba kukangana chaka chatha anagwirana manja, mbusa wa tchalitchi cha kuseri kwathu anasiya chiwanda chili pakati potuluka ndipo chiwandacho chinakhala pawindo kumvetsera, agalu anameza kuuwa, mafuta a vitumbuwa analeka kuthetheka m'chiwaya, tambala amene anali atatambasula kale khosi anangolibweza mwaulemu, ndipo bata lija linayenda ngati madzi, kudutsa Chawama, kudutsa Chilenje, mpaka ku Mtendere anthu anatuluka m'nyumba kufunsana kuti kodi kwagwanji. Mukumva? Inunso simukadamva kanthu tsiku limenelo, koma amayi okha.

Lakisoni yemwe uja ndiye ananyamula mpando, atate ali pomwepo, n'kuwasendeza mpaka khutu lawo linatsala pang'ono kukhudza singano.

Poyamba mantha anandithamangitsa dzanja. Mawu anatuluka opyapyala, othamanga, a kamtsikana. Ndinati ndalakwitsa, koma atate anaseka, kuseka kumene tinali titakuiwala. Anati, "Ameneyo ndiye ndinam'peza pampopi ku Matero! Anakana kundipatsa madzi ameneyo!" Ndinabweza dzanja pang'ono, ndipo anabwera amayi enieni, amene ankatidzutsa ndi nyimbo akusesa pabwalo. Azakhali a ku Katete anagwira pakamwa. Ine ndinaluma mlomo, chifukwa wozungulitsa gudumu salira, misozi imasokoneza liwiro.

Ndinazungulitsa, chala chinatentha, chinafuka utsi, mayi wina anayatsirapo mbaula, timizere ta pachala tinayoyoka timodzitimodzi n'kugwera patebulo ngati ulusi, ine osaleka. Koma pofika nyimbo yomaliza phewa linatopa. Gudumu linayamba kuchedwa, mawu a amayi anatsika, analemera, anayamba kunjenjemera pang'ono. Ndinasonkhanitsa mphamvu zotsala kuti ndifulumize. Atate anandigwira pamkono.

"Usafulumire, mama," anatero. "Amako sindinawamvepo atakalamba."

Ndinawasiya amayi akalambe. Anaimba pang'onopang'ono, ngati gogo amene wakhala pamkeka dzuwa likupendeka, ndipo atate, imvi zili mbuu, anayamba kuwayankha ndi besi lawo lothethekalo, nkhalamba ziwiri zikuimbira limodzi monga zinayenera kukhalira. Singano itafika kumapeto ndinaikweza, ndinayang'ana mbale padzuwa: inalibe chipsera ngakhale chimodzi, panalibe kafumbi kakuda ngakhale kamodzi. Ndinapuma mpweya umene ndinausunga chiyambire ku Kamwala, ndipo mpweya umenewo unagwetsa tenti imene tinamangira alendo pabwalo.

Tsopano alipo ena, Lakisoni akuwatsogolera, amene amati Kanyama anatonthola chifukwa magetsi atathima mabala onse ndi zigayo zinazima. Mbali imeneyo ndaiyesa, ndipo ili ndi kulemera kwake, sindikana. Koma andiuze, tambala uja anali wa magetsi? Amatinso kasutikesi kofiira kakanaimba mokweza tsiku lija popanda munthu kupsa chala. Zoona, kakanaimba, ndipo kwa munthu amene mbale zake zili ndi zinzake kusitolo, ndiponso msana wake ndi wofooka, ndimati gula katsopano, usadzivute. Koma kagudumu kake kapulasitiki sukanakazungulitsa ndi chala mofanana, ndipo kakanatipatsa amayi a msinkhu umodzi basi, tsiku lililonse akuchepa.

Choipa cha yakale chimene sindinachione ngakhale ndinayesa mbali zonse ndi ichi. Masiku ano Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi, magetsi ali ngwee, firiji ikulira, masipika a Lakisoni ali pomwepo, atate amafufuza kukhoma ndi ndodo yawo mpaka atazula waya. Amati magetsi sadziwa kanthu, amangodziwa mkazi mmodzi. Kenaka amakhala pampando paja n'kuitana: "Enelesi, bwera nacho chala. Lero tiyambire pampopi."

Ndiye amene akukayikabe asatsutsane nane pakamwa. Abwere Lamulungu, ndim'patse gudumu, azungulitse yekha kuyambira pampopi mpaka pamkeka. Changachi chipumeko.