Chithunzi Chimene a Mkoko Sanachidzudzule

Mumsewu mwathu muno ngakhale mlendo wa dzulo ankadziwa lamulo la a Mkoko: nthochi sidulidwa isanajambulidwe. Kaya mkoko wakhwima mpaka kung'aluka, kaya mbalame zayamba kale phwando, chikwanje chinkadikira kaye chithunzi. Mkuluyu ankati nthochi imabereka kamodzi kokha moyo wake wonse, ikatero anthu amaigwetsa n'kuiiwala, ndiye ulemu wake uli pati? Dzina loti a Mkoko linachokera pomwepo, moti lenileni tinaliiwala kalekale.

Pa unyamata wawo anali kondakitala wa basi, ndiye mawu anali nawo, osati zocheza. Akati akunong'ona, wometa tsitsi wa kuseri kwa mpanda ankayankha. Atapuma ntchito anadzaza nthochi kuseri kwa nyumba mpaka chingwe choyanikapo zovala chinasowa podutsa. Iliyonse inali ndi dzina. Inalipo Waulesi, imene inatha zaka ziwiri ikungotulutsa masamba. Inalipo Wamiseche, yopendekera kwa wometa uja, imene ankati imamvetsera nkhani za makasitomala.

Vuto linali loti eni akewo sankatha kujambula ngakhale dzira. Mtolo wonse unagwera mpongozi wawo, mkazi wa malemu mwana wawo. Mayiyu ankagwira ntchito pa shopu yosindikiza makadi ndi zikwangwani, ndipo anali ndi tabuleti yojambulira ndi kacholembera kake ka pagalasi. Mwamuna wake atamwalira, abale anamuuza kuti abwerere kwawo, iye anakana. Akanamusiyira ndani munthu woti akaiwala magalasi ankathira mchere mu tiyi? Anatsala awiri m'nyumbamo, ndi nthochi.

Poyamba mpongozi anayesa njira yachidule, anangotulutsa foni n'kujambula. A Mkoko anakhumudwa ngati wawatukwanira makolo. Anati foni imangophethira basi, koma wojambula ndi dzanja amakhala pansi n'kuyang'anitsitsa chinthu mpaka achidziwe. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse masana mayiyu ankakhala pansi pa nthochi, tabuleti pamiyendo, mkuluyo ali chilili kumbuyo kwake ngati woyang'anira mayeso.

Ndipo kuyamika ayi, ngakhale kamodzi. Lero zobiriwira zachuluka, mawa thunthu lanenepa ngati mgolo. Tsiku lina mpongozi atatopa anachita zimene amachita kuntchito: anakopera tsamba limodzi, n'kulitembenuza, n'kulimata mbali inayo. Ankaganiza kuti nkhalamba ya maso ofooka singazindikire.

"Mayi, tsamba ili ndaliona kale. Si lomwe lili kumanzereli?"

"Amafanana, bambo."

"Mphepo inayamba liti kung'amba masamba awiri mofanana? Fufutani."

Koma nkhani imene timasekabe mpaka lero ndi ya wakuba. Wina anadula mkoko wa Wamiseche usanajambulidwe. A Mkoko anamukoka mpongozi ulendo wa kumsika, ndipo pakati pa mikoko makumi anayi anaulozera wawo ngati mayi amene wapeza mwana wake pagulu. Mayi wogulitsayo anayamba kulumbira kuti iye anangogula, wakubayo sakumudziwa. Mkuluyo anati za apolisi alibe nazo ntchito, mkokowo saufunanso, chachikulu aunyamule m'mwamba ujambulidwe. Mayi wa eni ake anaunyamula ola lathunthu, a Mkoko akumukalipira kuti pamtengo sunkapendekera choncho. Msika wonse unaima tsiku limenelo.

Chaka chatha miyendo yawo inayamba kutupa, mawu aja n'kuchepa. Kuchipatala anawapatsa mankhwala ambiri ndi mawu ochepa, n'kuwabweza kunyumba. Mpongozi anakokera bedi lawo pawindo loyang'ana ku nthochi. Chakudya mkuluyo ankachikankha, kulankhula anasiya, ankangoyang'ana kudenga. Mayiyu anachita mantha, ndipo anali ndi chifukwa, pakuti munthu yekhayo amene anamutsalira m'banja limenelo ankaoneka kuti watsanzika kale.

Nthawi yomweyo mkoko wa Waulesi, umene anaudikira zaka zonse zija, unakhwima. Mpongozi anaujambula mothamanga, maganizo ali kwina, n'kubweretsa tabuleti pabedi. A Mkoko, amene anatha masiku awiri osatsegula pakamwa, anayendetsa chala pagalasi akuwerenga mapava. Anapeza asanu ndi awiri pomwe panja pali asanu ndi atatu. Abale inu! Anadzuka okha n'kutsamira khoma, anakalipa mpaka wometa anamva, pomaliza anati kukhosi kwauma, tiyi ali kuti? Anamwa kapu yonse ndi buledi.

Mpongozi anaona mankhwala amene adokotala sanalembe. Kuyambira tsiku limenelo ankalakwitsa dala. M'mawa uliwonse asanapite kuntchito ankabweretsa chithunzi chili ndi vuto latsopano: mphanda yochirikiza thunthu ili mbali yolakwika, tsamba louma lasowa, mthunzi wagwera kumene kuli dzuwa. Mkuluyo ankakalipa, akatero n'kudya. Mayiyu ankadziwa kuti ndi zachibwana, koma mumtima anakhulupirira kuti chithunzicho chikapanda kutha, iwonso sapita.

Zinayenda choncho milungu itatu. Panja mkoko unayamba kupsera pamtengo, mbalame zikusinthana. Wometa anabwera ndi chikwanje kuti athandize, anabwezedwa pakhomo. Kenaka nzeru za zolakwitsa zinamuthera mpongozi, moti m'mawa wina anajambula duwa la kunsonga kwa mkoko litaloza kumwamba. A Mkoko analiyang'ana, koma sanakalipe. Anamuuza kuti akhale pambali pa bedi.

"Zaka zisanu ndi ziwiri mwajambula nthochi zanga, mayi. Duwa loloza kumwamba? Ngakhale kunama kuli ndi malire."

Mpongozi anangowerama.

"Ndinazindikira tsiku lachitatu," anatero a Mkoko. "Ndimakalipa kuti mtima wanu ukhale pansi. Koma ndatopa, mwana wanga. Kamalizeni."

Tsiku limenelo sanapite kuntchito. Anakakhala pansi pa Waulesi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akupukuta galasi ndi nsalu chifukwa misozi inkadontherapo. Anajambula zonse mmene zinalili, ndi mabowo omwe a mbalame. Atabweretsa, mkuluyo anavala magalasi, anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri monga anawaphunzitsira, n'kuyendera tsamba lililonse. Mpongozi ankapemphera chamumtima kuti apeze kenakake.

"Zili bwino," anatero mkuluyo, n'kumubwezera tabuleti.

Anamwalira patapita masiku atatu, m'mawa, windo lili chitsegulire.

Waulesi anaidula yekha mpongozi maliro atatha. Msewu wathu tsopano uli zii. Wometa anagula wailesi, akuti zii wa masana amamuwawitsa mutu, ndipo mayi wa kumsika uja akadutsa pageti amachepetsa liwiro ngati kuti pali wina woti amuitane. Ife tikakumana timayamba nkhani za a Mkoko ndi kuseka, koma sitizimaliza.

Kushopu, kasitomala akaona ntchito yake n'kunena kuti zili bwino, mpongozi amathokoza, n'kulowa kaye kuchipinda cha mapepala kwa kanthawi. Anzake anazolowera, samufunsa. Nthochi zija akuzisamalirabe, ndipo iliyonse amaijambula asanaidule, palibe amene anamuuza kuti atero. Chimene chimamuvuta n'choti sadziwanso ngati chithunzi chatha kapena ayi. Nthawi zina amalakwitsa dala, n'kuimitsa dzanja, kudikira. Pakapita kanthawi amafufuta yekha.