Pisitawu Yobwera M'dengu la Usipa

Nkhani iyi ana anga saidziwa, ndipo ambiri amene anaiona ndi maso anagona kale, ndiye ndingoiulula ndekha. Manyazi ake ndi oti ngakhale lero ndikamailemba makutu akunditentha.

Inali nthawi ya nkhondo. Ine ndinali kalaliki pa sekretariya ya sukulu ina mu Lichinga, tikukhala ku Namacula ndi akazi anga, amake Lusiya. Chuma changa chonse chinali kamota, kanjinga kamoto kakang'ono komwa gazolina wosakaniza ndi oleo, oyilo wa injini. Oleo atasowa m'tauni ndinayamba kuthira modontheza ngati mankhwala a m'maso. Tsiku lina ndili pachitunda kamota kanangoti kwii! n'kuuma pomwepo.

Kunyumba ndinamasula kabesa, chivundikiro cha pamwamba pa injini, n'kuzula silinda. Pisitawu, kachitsulo kokwera n'kutsika m'kati mwa silinda, inali itakalika mbali yonse, masegimento, timphete take tija, titamatirira m'mizere mwake. Yatha basi.

M'masitolo munali mashelefu okhaokha. Ndinakadandaulira alamu anga a Saide, amuna a mlongo wanga, amene ankagulitsa nsomba ku Meponda. Patapita mwezi anandibweretsera pisitawu yatsopano yonyezimira, yochokera ku Malawi, ataikwirira pansi pa dengu la usipa.

"Alamu, iyi ndi kandonga, katundu wozembetsa," anandinong'oneza. "Ikadziwika, ine ndi inu tonse shamboko. Pakamwa mutseke!"

Sankanama. Masiku amenewo wogwidwa ndi katundu wozembetsa ankamugoneka pagulu n'kumukwapula. Ngati katunduyo wadutsa malire, ankathanso kukufunsa ngati sukudziwana ndi zigawenga za m'tchire. Funso limenelo likafika, ena sankabwerera kwawo.

Loweruka ndinayala chiguduli pakhonde. Ndinapala mwaye wa mu kabesa ndi chogwirira cha supuni, ndinakwecha m'kati mwa silinda ndi sanipepa, junta, kapepala kotseka mpata pomanga injini, ndinadula pa chikuto cha buku lakale la kusukulu. Zonse bwinobwino. Kuti ndilowetse pisitawu mu silinda, yakana! Ndinapaka oleo wotsiriza, yakana. Nditatenga chipika kuti ndikhome, amake Lusiya anandigwira mkono.

"Bambo a Lusiya, mukaiswa mudzalira ndinu. Pitani kwa odziwa."

Ndinapita kwa Che Ajasi, makaniko wachikulire wa kumsika. Anangoyeza kamodzi.

"Iyi ndi yaikulu, achimwene. Ndi ya silinda yoti anaikuza m'kati. Yanuyi ikufuna saizi yoyamba."

"Chonde, Che Ajasi, musauze munthu."

"Ine? Wallahi, pakamwa panga ndi pamanda."

Mawa lake, Lamlungu, titangobwera ku misa, ndinakhala pakhonde ndikuitembenuza pisitawu ija m'manja mwachisoni. Kenako ndinamva "Odi!" pampanda. Kusuzumira, msilikali wa milisiya, mfuti paphewa.

Pisitawu ndinaiponya m'thumba la buluku la kutchalitchi.

"Kamarada Alberto ndinu?"

"Ndi... ndine."

"Komandante akukufunani ku posto, ku ofesi yawo. Akuti mubwere ndi pisitawu."

"Pisitawu yanji?"

"Ya ku Malawi ija."

Ambuye! Ngakhale dziko lochokera akulidziwa!

"Kamarada, ine ku Malawi sindinapondeko. Ndilibe pisitawu. Sindidziwa n'komwe kuti pisitawu ndi chiyani."

Msilikali anayang'ana pachiguduli. Panali kabesa, silinda, masipanala, injini ili kukamwa yasa. Anandiyang'ananso ine.

"Nanga izi?"

"Ndimangozipukuta. Lamlungu lililonse."

Amake Lusiya anatuluka akupukuta manja. "Bambo a Lusiya, si ija munali nayo m'manja pompano?"

Ndinawayang'ana ndi diso loti mwandipha, mayi. Nkhope ya msilikali inasintha. Poyamba anali wotopa chabe, tsopano anakonza lamba wa mfuti.

"Kamarada, mukubisa chiyani? Tiyeni."

"Ndiloleni ndipite kuchimbudzi kaye. M'mimba."

Ndinalowa m'kachimbudzi kathu kaudzu kuseri kwa nyumba, ndinatseka chitseko, ndinaganiza za shamboko, ndinaganiza za alamu anga ndi ana awo asanu. Ndinatulutsa pisitawu. Ndinaipsompsona. Ndinaiponya pabowo.

Phuu!

Ndinatuluka ndikudziona wochenjera kuposa amuna onse a mu Niassa. Umboni palibe, mlandu palibe.

Ulendo wa ku posto unali wautali kuposa wa ku Meponda. Anthu ankatiyang'ana m'mipanda, osapereka moni. Mayi wina wogulitsa mbatata anachita chizindikiro cha mtanda ndikudutsa.

Komandante anali munthu wamtali, wakuda bii, wolankhula motsitsa. Anthu otero ndi amene amaopsa. Anandilozera benchi.

"Kamarada Alberto. Ndamva muli ndi chinthu chochokera kutsidya."

"Ayi, komandante."

"Ayi?" Anayang'ana msilikali uja. Msilikali anagwedeza mutu. "Akukana kuyambira kunyumba, shefi. Akuti sadziwa pisitawu."

Komandante anatembenukiranso kwa ine. "Che Ajasi ndi munthu wa mapemphero, sanganame. Anaiyeza ndi manja awo dzulo."

Manda aja anali atalankhula!

"Anakubweretserani ndani?"

Thukuta linkatsika mumsana ngakhale kunja kunali chisanu cha Lichinga.

"Ndikufunsa chifukwa munthu ameneyo ndikufuna kumudziwa. Ndakhala ndikumufunafuna nthawi yaitali munthu wotere."

Apa ndinaona mlongo wanga ali wamasiye. Sindidziwa kuti ndinatsika bwanji pabenchi, ndinangozindikira ndagwada pa simenti, manja m'mwamba ngati ndili pa guwa.

"Komandante, pepani! Ndine ndekha! Ndinapita ndekha ku Malawi! Wapansi! Usiku ndi usana! Palibe anandithandiza, ndilibe mlamu, mlongo wanga sanakwatiwe n'komwe! Ndikwapuleni ine, koma ntchito musandichotse, ndili ndi ana!"

Komandante anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mlamu ndamutchula ine?"

Ndinafuna simenti ing'ambike.

Anatsegula dirowa. Ndinatseka maso, ndikudziwa kuti m'madirowa a anthu otere mumakhala chiyani. Ndinamva chinthu chikuikidwa patebulo, go! Nditatsegula diso limodzi, ndinaona kansalu kofiira, pamwamba pake pali pisitawu. Yatsopano. Yonyezimira.

"Dzukani, kamarada, mukundichititsa manyazi. Ine ndili ndi mota ngati yanu, ili kuseriku miyezi inayi. Silinda yanga anaikuza m'kati. Pisitawu imene ananditumizira ndi yaing'ono, imangogwedera ngati supuni m'kapu. Yanu ndi yaikulu. Yangayi ndi saizi yanu, yanuyo ndi saizi yanga. Então? Tisinthane, aliyense ayende."

Ndinadzuka pa simenti n'kukhalanso pabenchi.

"Ndipo munthu wanuyo ndimafuna andipezereko tcheni. Basi. Pisitawu ili kuti?"

"Ili... ili kunyumba, komandante."

"Pronto. Tiyeni tikatenge."

"Ili pamalo povuta pang'ono."

"Mwakwirira?"

"Tingatero."

"Pati?"

Ndinanena motsitsa kwambiri moti anachita kuwerama. Nditabwereza, msilikali uja anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Komandante sanaseke. Anangovala chipewa.

"Miyezi inayi ndikuyenda wapansi, kamarada. Pisitawu imeneyo ituluka lero."

Tinabwerera ku Namacula tili anayi, ine patsogolo, komandante, ndi asilikali awiri atanyamula chingwe ndi khasu. Mbiri inatitsogolera: akuti kwa a Alberto apeza zida za zigawenga, akukafukula. Pofika kunyumba, bairo yonse, anthu onse a m'dera lathu, inali itazungulira mpanda. Amake Lusiya anali pakhonde akulira, atandimangira kale kamtolo ka bulangete.

Ndinayesa kaye nzeru za kusukulu. Ndinachotsa maginito pa sipika ya wailesi yakufa, n'kumangirira kunsungwi.

"Kamarada," anatero komandante, "pisitawu ndi aluminiyo. Maginito sagwira."

Ndinayesa chitini chomangirira kunsungwi. Zimene chinkatulutsa sindinena, koma pisitawu panalibe.

Basi asilikali anasasula udzu, anazula mitengo iwiri ya pansi, anandimanga chingwe m'chiuno. Ndinavula malaya ndi buluku la kutchalitchi pamaso pa bairo yonse, n'kutsala ndi kabudula wokhala ndi chigamba kumbuyo. Mphuno ndinamanga ndi mpango wa amake Lusiya.

"Pang'onopang'ono, makamarada! Chonde!" ndinakuwa akunditsitsira m'dzenje.

"Musaope, shefi, mukagwa pofewa!" anatero msilikali wina.

Kunja anthu ankanong'onezana. "Ndi bomba." "Ayi, akuti mfuti zitatu." "Munthu wa kwaya ngati uja!" Amayi ankakokera ana kutali kuti chikaphulika chisawapeze.

Za pansipo ndisiye. Ndingoti Mulungu anatipatsa manja kuti tizigwirira ntchito, koma sindikhulupirira kuti ankaganiza za ntchito imeneyo. Ndinafufuza, ndinafufuza, mpaka chala chinagunda chinthu cholimba.

"Kokani!"

Nditatulukira, mkono uli m'mwamba, anthu anabalalika. Ena anagona pansi chafufumimba, manja kumutu. A katekisiti athu anadumpha mpanda ngati mnyamata. Patapita kanthawi, nkhalamba ina inadzutsa mutu.

"Kodi bomba lake ndi kameneko? Kokhala ngati kapu ya tiyi?"

Amake Lusiya ananditsanulira ndowa zinayi ali chapatali. Pisitawu tinaiwiritsa m'chitini ndi phulusa, tinaitsukanso ndi gazolina wa komandante.

Madzulo asanafike asilikali anakankha mota ya komandante kudzafika nayo pakhonde panga, ndipo tinamanga injini ziwiri pachiguduli chimodzi. Munthu uja ntchito ankaidziwa. Anandionetsa kuti kamuvi ka pamwamba pa pisitawu kaziloza kopopera utsi, kuti pakamwa pa segimento pazikhala pa kamsomali kake m'mzere, kuti mabawuti a kabesa umamanga modumphitsa, osati motsatana. Pisitawu ya komandante ija inalowa mu silinda yanga ndikufinya masegimento ndi zikhadabo. Kuponda kachitatu, kamota kanga kanalira, utsi wabuluu tolo!

Komandante anagwira silinda yake, anaikhazika pamwamba pa pisitawu ya m'chimbudzi ija. Inangoti tsee, kulowa yokha, osavuta ngakhale pang'ono. Anamanga, anaponda kamodzi, mota inabangula. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo munthu uja anamwetulira. Anazimitsa injini kuti anthu onse a pampanda amve bwino.

"Kamarada Alberto, Che Ajasi anati pisitawu iyi ndi yokanika kulowa. Tatiuzeni, oleo amene munainyikamo uja mumagula kuti?"

Bairo yonse inagwa nako kuseka, mpaka a katekisiti amene anali atabwerera kudzatenga nsapato yawo.

Abale, mantha akakugwirani, musataye chinthu pamalo pamene simungakonde kukachitola nokha.